Dzira, Chizungu ndi Likasa: Kumene Nthabwala za Kusukulu Zidachokera

Sabata ino tilingalire za zinthu zimene ambiri timaziyesa zopanda pake: nthabwala, ndagi ndi timawu timene ana asukulu amaponyerana m'njira. Palibe nthabwala imene idangogwa ngati mvula. Iliyonse ili ndi kwawo, ndipo tikailondola bwino timapeza kuti idabadwa pa nthawi inayake, pakati pa anthu amene china chake chinkawapweteka kapena kuwadabwitsa.

Makolo athu adali ndi sukulu yawo choko chisanafike. Madzulo anthu atadya, wina ankati "Ndagi!" enawo n'kuvomera kuti "Gize!" Kenaka funso linkagwa: nyumba yopanda khomo. Wodziwa ankayankha kuti dzira. Koma taonani chimene chinkachitika onse akalephera. Palibe amene ankapirikitsidwa pabwalo, palibenso amene ankakwapulidwa. Olepherawo ankambaira ng'ombe woponya ndagiyo, ng'ombe ya pakamwa chabe, iye n'kuulula yankho. Mawa lake, yemwe adalephera dzulo uja ndiye ankaiponyera anzake monyadira ngati ndi yake.

Sukulu ya mabuku itafika, dzira lomwelo lidapeza ntchito ina. Lidasanduka dzina la kachizindikiro kozungulira kamene mphunzitsi amalemba ndi inki yofiira m'kope la mwana amene sadakhoze kanthu. "Wapeza dzira," amatero anzake, ena n'kuwonjezera kuti akakazinge kunyumba. Pabwalo paja wolephera ankachoka ndi yankho. M'kalasi ya ana oposa zana limodzi, amene wapeza dzira amachoka ndi manyazi okha, popeza mphunzitsi alibe nthawi yobwerera kwa iye.

Sikuti sukulu idapha ndagi. Idabereka zina zatsopano, monga ija ya munda woyera wofesedwa mbewu zakuda, umene timalima ndi dzanja koma kukolola ndi maso. Chodabwitsa n'chakuti ganizo lomweli lidabwera kwa mlembi wina wa Mpingo ku Verona, m'dziko la Italy, cha m'ma 800. Iyeyo adalemba ndagi yake m'mphepete mwa buku la mapemphero, kufanizira kulemba ndi kulima, ndipo akatswiri adaitulukira m'chaka cha 1924. Kulikonse kumene alimi adayamba kuona pepala, adaliyesa munda.

Kwathu kuno pepala lidabwera ndi amishoni. Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876, Abambo a Chimonfort adafika ku Nzama mu 1901, pamene boma la atsamunda lidadikira mpaka 1926 kuti likhazikitse nthambi yoona za maphunziro. Kwa zaka zambiri sukulu ndi nyumba yopempherera zidali denga limodzi, ndipo mawu akuti "mphunzitsi" ankatanthauza wophunzitsa kuwerenga ndi wophunzitsa katekisimu yemwe. N'chifukwa chake timawu tambiri ta kusukulu tili ndi fungo la m'tchalitchi, monga tionere kutsogoloku.

Nthabwala zochuluka kuposa zonse ndi za Chizungu, ndipo gwero lake silovuta kulipeza. Sekondale ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Chikatolika ku Zomba mu 1942, ndipo malo adali ochepa kwambiri pa dziko lonse. Wodziwa Chizungu ankakhala kalaliki, wosadziwa ankanyamula katundu wa kalaliki. Ufulu utabwera, Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, komabe Kamuzu mwiniwake ankalankhula Chizungu pa misonkhano wina n'kumamasulira, ndipo pa sukulu imene adatsegula ku Mtunthama mu 1981 ankaphunzitsa Chilatini ndi Chigriki. M'sukulu zambiri mwana wogwidwa akulankhula chiyankhulo cha kwawo ankalandira chibalo. Mpaka lero satifiketi ya MSCE situluka kwa amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu bwanji. Anthu akaopa chinthu kwa zaka zambiri chotere amayamba kuchiseka, koma kawirikawiri amaseka mnzawo amene chamugwetsa.

Apa tiyenera kusiyanitsa. Pali nthabwala yoseka mwana amene wabwera ku tchuthi akunamizira kuti waiwala Chichewa, kufunsa dzina la khasu ngati sadaligwirepo. Ku Ulaya nkhani yofanana nayo imanenedwa za mnyamata wobwera kophunzira Chilatini, amene adakumbukira chiyankhulo cha amake ataponda chipangizo cha kumunda n'kumumenya pamphumi. Nthabwala imeneyi ndi mankhwala: imatsitsa wodzikweza, ndipo ife amene tidanunkhizako Chilatini imatikhudza bwino lomwe. Koma pali inzake, yoseka amene wathyola Chizungu, imene lero timatumizirana pa WhatsApp. Kodi wosekedwayo ndani? Ndi mayi uja wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande. Ndi bambo uja amene amatsika wapansi mbandakucha kupita ku mafakitale a ku Makata kuti apeze ndalama ya yunifolomu ndi makope a mwana yemwe akumusekayo. Ndi mwana wa Sitandade 5 amene adayesa kuyankha m'kalasi, anzake n'kufa nacho chiseko, ndipo kuyambira tsikulo sadakwezenso mkono. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, adaseketsa dziko lonse kwa zaka zambiri m'Chichewa chathu chomwechi, umboni wakuti nzeru ndi luso sizidikira Chizungu.

Nthabwala zonyoza mphunzitsi, zoti ndi wa ngongole, wodya bonya mwezi wonse, sizakale kwenikweni. Agogo athu amakumbukira nthawi imene mphunzitsi adali munthu wa njinga ndi nsapato m'mudzi monse, wowerengera anthu makalata ochokera ku Joni. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito asadapite kukaphunzira za uphunzitsi. Khomo lidatsegukira ana aumphawi, chimene chidali chabwino, koma ulemu wa ntchitoyo udatsika pamodzi ndi mphamvu ya malipiro ake. Ngakhale mawu aja akuti "sukulu sinama" lero amayankhidwa ndi chiseko ndi achinyamata amene ali ndi madigiri koma akuyendetsa kabaza. Kuwawa kwawo n'koona. Tingoona kuti ambiri olemera amene amauza ana a eni kuti sukulu ilibe phindu, awo ana amawalipirira sukulu zodula.

Koma mawu amene ayenera kutiimitsa ife a mu Mpingo ndi akuti "likasa". Mwana aliyense wa Fomu 4 amadziwa tanthauzo lake: mayankho obisa amene munthu amalowa nawo m'chipinda cha mayeso, kaya pa kapepala kopindapinda, kaya pa ntchafu, kaya mu foni. Mawuwa si a kumsika kapena a kudimba. Anthu ambiri adawadziwira m'Buku Lopatulika la 1922, m'mene Likasa la Chipangano ndi bokosi lija lopatulika losungiramo miyala iwiri ya Malamulo. Amene adayamba kutcha kapepala kobera mayeso dzina limeneli adali munthu womva Malembo, ndipo tivomereze kuti adali wanthabwala wakuthwa. Zonse zikugwirizana: mawu olembedwa, osungidwa mobisika, onyamulidwa mosamala, amene munthu amakhulupirira kuti amupulumutsa pa tsiku la nkhondo.

Chimene wanthabwalayo adasiya ndi mapeto a nkhaniyo. M'buku loyamba la Samuele, mutu 4, Aisraele atagonja kwa Afilisti sadafunse chimene chidalakwika pakati pawo. Adatuma anthu ku Silo kukatenga Likasa, poganiza kuti kungokhala nalo pankhondo n'kokwanira. Adafuula ndi chimwemwe litafika, koma adagonja koposa poyamba, ana awiri a Eli adaphedwa, ndipo Likasalo lidalandidwa. Komanso m'bokosi limene tabwereka dzina lakelo mudali lamulo loletsa kuba ndi loletsa umboni wonama. Satifiketi yopezeka ndi likasa ndi zonse ziwiri: kulanda malo a mnzako ku koleji, ndi pepala lochitira umboni nzeru zimene mwiniwake alibe. Namwino wotero adzabaya jakisoni mayi ako, ndipo mmisiri wotero adzamanga mlatho umene udzawolokepo.

Ntchito ya dzina loseketsa ndi imeneyi: limachotsa ululu pa chinthu choipa kuti chimezeke. Palibe mwana amene angauze anzake kuti "ndikukaba". Koma kunena kuti "likasa latuluka" kumamveka ngati uthenga wabwino, ndipo makolo ena, ngakhale a m'miphakati yathu, amasonkha ndalama kuti mwana asatsalire.

Tidaona kumene zimenezi zimathera m'chaka cha 2020. Ophunzira adakhala miyezi yambiri kunyumba chifukwa cha Covid-19, ndipo mayeso a MSCE atangoyamba, mapepala ena adapezeka akuyenda pa mafoni tsiku lolemba lisadafike. Mu Novembala boma lidathetsa mayeso onse, ndipo ophunzira oposa 150,000 adayenera kulembanso mu Januwale 2021, asilikali akuthandiza kulondera mapepala a MANEB. Mtsikana amene adawerenga ndi kandulo ku Ndirande osagula pepala lililonse adabwerera kunyumba pamodzi ndi amene adagula, makolo ake n'kuyambanso kufunafuna ndalama ya chakudya ndi ya minibasi ya miyezi ina iwiri.