Linki yanuyo khalani nayo

Sabata yatha, pa gulu la WhatsApp la anzanga omwe tinalemba nawo Fomu 4, wina anaponya uthenga uja mukuudziwa kale: "Pangani K50,000 pa tsiku muli gone! Kungoyankha mafunso basi, foni ndiye ofesi." Pansi pake screenshot ya ndalama zitalowa. Nditafunsa kuti ndalamazo akupereka ndani, ndipo akuzitenga kuti, anandiyankha kuti vuto la achinyamata a ku Malawi ndi ulesi ndi nsanje. Chabwino aise. Ndikuyankha pano pa bwalo langa, pomwe admin sangandichotse.

Ndiyambe ndi kudziulula: nyambo imeneyi inenso ndinameza. Nditamaliza sukulu ndinkakhala kwa achemwali anga ku Ndirande, m'mawa kukasiya makalata ofunsira ntchito ku Makata ndi ku Ginnery Corner, madzulo kubwerera fumbi lokhalokha. Ndiye ndinalembetsa pa masamba anayi a masaveyi. Ndinkadikira bandulo ya usiku, anthu onse atagona, ine maso pa foni.

Saveyi iliyonse imayamba ndi mafunso okusefa. Mumakhala dziko liti? Pakhomo panu mumapeza zingati pa chaka? Muli ndi galimoto ya mtundu wanji? Ndege munakwera liti komaliza? Galu wanu ali pa inshuwalansi? Galu wathu, amene amadya mkute wa nsima! Ukayankha zoona, pakatha mphindi khumi pamabwera uthenga waulemu: pepani, si inu amene tikufuna. Nthawi yapita, mamegabaiti apita, iwe osapatsidwa ngakhale tambala. Patatha miyezi iwiri, tsamba lomwe ndinkachita bwino linkaonetsa madola 3 ndi masenti 40. Kuti utape pankafunika madola 10, ndipo malipiro ake anali khadi yogulira zinthu pa Amazon. Tandiuzeni, mu msika wa Ndirande ndani angakupimireni ufa ndi khadi imeneyo?

Ndinkaganiza kuti ndi tsoka langa. Ayi ndithu, bizinesiyo ndi mmene inapangidwira. Kampani yopanga sopo kapena mafoni imalipira kampani ya kafukufuku kuti imve maganizo a anthu omwe angagule katundu wake. Ya kafukufukuyo imalipira tsamba lomwe lasonkhanitsa anthu oyankha. Tsambalo limadya gawo lake, n'kukuponyera nyenyeswa. Choncho mtengo wa maganizo ako umatengera kulemera kwa thumba lako. N'chifukwa chake masamba otchuka ngati Swagbucks ndi Survey Junkie msika wawo waukulu ndi America. Mnyamata wa ku Chilomoni yemwe amagula shuga wa m'timapepala ndi mafuta ophikira a m'tichubu, amalonda a kunjawo alibe naye funso. Si kuti ndiwe mbuli. Sakukugulitsa kanthu basi.

Apa ndi pomwe "akatswiri" a m'magulu amabwera ndi mankhwala awo: ika VPN, unene kuti ndiwe mayi wa zaka 45 wa ku Texas, wa ana atatu ndi magalimoto awiri. Ndinayesa. Koma eni masambawo si ana. Amabwereza funso lomwe lija mwa njira ina, amaona liwiro lomwe ukuyankhira, amayang'ana komwe intaneti yako ikuchokera. Amakusiya ugwire ntchito, tsiku lotapa n'kukuuza kuti akaunti yatsekedwa chifukwa waphwanya malamulo. Ukadandaula kwa yani, poti wabodza woyamba ndiwe?

Nanga screenshot ija ikuchokera kuti? Apa ndiye pali nkhani yomwe yandilembetsa zonsezi. Msuweni wanga wa ku Bangwe amagulitsa kaunjika. Anamuuza kuti tsamba lina limalipira mu makwacha, koma ayambe wapereka K15,000 "yotsegulira akaunti", ndipo akabweretsa anthu atatu alandira bonasi. Anachotsa pa mpamba wa geni. Anakoka anzake atatu a ku kwaya. Sabata yoyamba analandiradi kangachepe, n'kuika pa status. Sabata yachitatu tsamba linasiya kutseguka, nambala ya "manejala" osapezekanso. Lero ndalama alibe, ndipo ku kwaya akumuyang'ana ngati wakuba. Kangachepe kaja sikanachokere ku saveyi iliyonse. Kanachokera m'matumba a anzake omwe aja.

Chinyengo ichi n'chakale, chimangosintha malaya. MMM ya Sergei Mavrodi inaliza anthu ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ndipo ku Nigeria inaumitsa maakaunti mu Disembala 2016. Mu Epulo 2025 a ku Nigeria omwewo analiranso ndi CBEX. Kwathu kuno chavala malaya a "masaveyi" ndi "ma task". Lamulo lake ndi limodzi: ntchito yomwe imayamba ndi iwe kulipira bwana si ntchito, katundu wogulitsidwayo ndiwe. Ndipo sizithera pa ndalama. Masamba ena amafuna chithunzi cha chitupa cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo, chitupa chomwecho chimene unalembetsera simu khadi yako. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma lamulo likamugwira bwanji munthu yemwe dzina lake simulidziwa, dziko lake simulidziwa?

Tsopano za ndemanga, zomwe zimandichititsa manyazi kwambiri. Pa Telegram munthu wina anandilonjeza theka la dola pa ndemanga iliyonse ya nyenyezi zisanu. Anati poti ndimalemba bwino Chingerezi, ndi dhilu yanga imeneyi. Ndinalemba khumi ndi imodzi. Ndinayamikira bedi la hotela ya ku Dubai kuti n'lofewa, ine ndili pa kamatiresi kopyapyala ku Goliyo, magetsi atazima. Ndinayamikira dokotala wa mano wa ku Florida kuti ali ndi dzanja labwino, munthu woti sindinamuonepo. Kwinakwake pali munthu wa dzino lowawa amene anawerenga mawu anga n'kuwakhulupirira. Zoti anandilipira zinayi zokha si zimene zimandiwawa. Chimandiwawa n'choti ine, wodzitcha mlembi, kanthu koyamba komwe ndinagulitsa ndi cholembera changa kanali bodza.

Musamati ndi ganyu wamba. Mu Julaye 2022 Amazon inasumira ma admin a magulu a pa Facebook oposa 10,000 chifukwa cha malonda a ndemanga zabodza. Ku America, bungwe la FTC linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zoterezi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2024. Ku Britain nako zinaletsedwa kuyambira Epulo 2025. Koma tisapite kutali. Mwaonapo peji yogulitsa mafoni pa Facebook, pansi pake ndemanga mbwee: "awa ndi a legit", "ndalandira yanga lero"? Mlongo wako amatumiza dipoziti atawerenga zimenezo, foni osabwera. Analemba ndemangazo ndi mnyamata ngati ine, wofuna ya bandulo. Tikuthira zinyalala m'chitsime chomwe timamwa tokha.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Ntchito kulibe, zinthu zakwera, pang'ono ndi pang'ono ndi mtolo. Sindikutsutsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu ukamva mawu oti "dola" mtima umadumpha. Ndipo akafukufuku enieni alipo: ena amatumiza mafunso pa SMS n'kukupatsa timayunitsi. Akakupezani yankhani, landirani, koma musatche zimenezo ntchito. Ntchito ya kafukufuku ndi ija ya owerenga anthu a National Statistical Office pa kalembera wa 2018, kapena ya ofunsa mafunso a Afrobarometer: maphunziro, mgwirizano wolembedwa, ofesi yoti ukhoza kukagogoda. Ngakhale ntchito zenizeni za pa intaneti si paradaiso. Mu Januwale 2023 magazini ya TIME inaulula kuti achinyamata a ku Kenya omwe ankasefa zolemba zonyansa pophunzitsa ChatGPT ankalandira ndalama zosakwana madola 2 pa ola. Ngati a kontirakiti ankalandira zimenezo, iwe wa linki ya pa status ukuyembekeza chiyani?

Chimene ndikukana n'choti wokayikira azitchedwa waulesi. Waulesi ndani? Wakabaza wa ku Machinjiri amadziwa mtengo asanalize njinga. Mayi wa mandasi ku Zingwangwa amadziwa kuti ufa, mafuta ndi makala zadya zingati, phindu latsala lingati. Ngakhale waganyu wolima amayamba wagwirizana mtengo wa ndime asanagwire khasu. Ife ophunzira, a mafoni a galasi, ndi amene tikugwira ntchito osadziwa bwana, osadziwa mtengo, zipangizo n'kugulanso tokha. Maola omwe ndinataya ndikunamizira mayi wa ku Texas akanakwana kuphunzira Excel mpaka kuithyola, kapena kulembera anthu ma CV ndi makalata pa mtengo wogwirizana, ndalama pamanja.

Ndiye iwe mnzanga wa pa gulu, pempho langa ndi laling'ono. Usatitumizire screenshot. Titumizire masamu: mwezi wathawu wagula bandulo ya zingati, wakhala maola angati, watapa zingati zomwe zinafikadi m'manja mwako, ndipo mwa zimenezo ndi zingati zinachokera kwa anthu omwe unawakoka. Masamuwo akakhala bwino ndidzapepesa pa bwalo lomwe lino, dzina lako pamwamba. Akapanda kutero, pita ukawauze wekha anthu unawalowetsa aja, usanawasinthire nambala. Msuweni wanga akubweza ya anzake a ku kwaya pang'onopang'ono, malaya amodzi amodzi. Iye sanathawe.