Funsani amene anasiyira panjira

Kuyambira mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu, maphunziro a pa intaneti ophunzitsa aphunzitsi mapulogalamu a pakompyuta achuluka. Ambiri amathera ndi fomu yofunsa mmene ophunzira awaonera. Okonza maphunziro amawerenga mayankho, n'kupeza kuti ambiri ayamikira, n'kukhutira kuti anthu afunsidwa. Ine ndikuti fomu imeneyi imafika mochedwa, komanso imafikira okhawo amene anamaliza, omwe nthawi zambiri ndi amene ali ndi foni yabwino, magetsi ndi ndalama ya data. Maganizo amene angawongole maphunziro ali ndi mphunzitsi amene anasiya sabata yachiwiri osatsanzika.

Titenge chitsanzo cha Chitungwiza, tauni ya kum'mwera kwa Harare imene inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's. Muli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito nthawi ya atsamunda. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, mu gawo 6, amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa chili pomwepo. Koma lamulo silisindikiza buku. Mphunzitsi wa ku Zengeza wofuna zowerenga za Chichewa ayenera kuzilemba yekha, kujambula mawu ndi pulogalamu ngati Audacity, n'kutumizira makolo pafoni. Munthu wotere akalephera maphunziro a pakompyuta, otaya mwayi ndi ana a m'kalasi mwake.

Tikanamufunsa akanatiuza chiyani? Choyamba ndi mtengo. M'Zimbabwe anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi data yotsegula intaneti yonse, ndipo magetsi amazimazima. Kanema wa mphindi 40 wofuna kuonera pomwepo pa intaneti amamutsekera kunja. Phunziro lomwelo litagawidwa tizigawo tating'ono ta zithunzi ndi mawu, kapena litaikidwa pa Moodle, imene pafoni imalola kutsitsa zinthu n'kumaziwerenga popanda netiweki, angalimalize.

Chachiwiri ndi kalembedwe. Pulogalamu yolembera imene yaikidwa pa Chingerezi imadula mzere wofiira pansi pa mawu a Chichewa, mwinanso kuwasintha yokha. Chilembo cha ŵ sichipezeka pa kiyibodi wamba, ngakhale kuti pa Microsoft Word chimatuluka ukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Mphunzitsi wa ku Lilongwe amalemba "chi" pomwe wa ku Chipata ndi wa ku Tete amalemba "ci". Mayeso odzichonga okha amene analandira kalembedwe kamodzi kokha amalepheretsa munthu amene walemba molondola malinga ndi malamulo a kwawo. Zinthu zing'onozing'ono ngati izi n'zimene zimagwetsa anthu ulesi, ndipo wokonza maphunziro amene amagwira ntchito m'Chingerezi sangazione.

Chachitatu ndi chilankhulo cha ana enieniwo. Mwana wa ku St Mary's amasewera m'Chishona tsiku lonse. M'Chishona mawu akuti "mvura" amatanthauza madzi komanso mvula, choncho mwanayo angapemphe mvula yakumwa. Mphunzitsi wake amadziwa misampha yotere, ndipo zitsanzo zophunzitsira pulogalamu zikachokera kwa iye, zimene wakonza pophunzira amakazigwiritsa ntchito m'kalasi mawa lake. Paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Ena anganene kuti kufunsa anthu kumachedwetsa ntchito, ndipo zofuna zawo zimatsutsana: wina akufuna makanema, wina akuwakana. N'zoona, ndipo wokonza maphunziro ayenerabe kugamula. Koma kuchedwa mwezi umodzi kuli bwino kusiyana ndi kumanga maphunziro athunthu amene anthu adzawathawe. Moodle yomweyo, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002, yakula chifukwa oigwiritsa ntchito amanena zolakwika, kupereka maganizo ndi kuimasulira m'zilankhulo zawo.

Njira yake si yovuta. Konzani phunziro limodzi lokha, muliyese ndi aphunzitsi khumi pa mafoni awoawo, osati m'chipinda cha makompyuta cha koleji, ngakhale Seke Teachers' College ili pomwepo. Muone pamene akukakamira musanawathandize. Amene asowa muwaimbire foni, ndipo muwalole kuyankha ndi uthenga wa mawu m'chilankhulo chimene amamasuka nacho. Kenaka lengezani kwa onse zimene mwasintha, zimene mwakana, ndi chifukwa chake. Munthu akaona kuti mawu ake asintha kanthu amalankhulanso, koma akaona kuti agwera m'madzi amangolemba kuti zonse zinali bwino.

Ndipo inu aphunzitsi amene mukuwerenga izi, musamayamikire chifukwa cha ulemu chabe. Mukakakamira pa phunziro, lembani tsamba, foni imene mumagwiritsa ntchito ndi chimene chinachitika, mutumize kwa okonza. Ngati mnzanu wasiya, mufunseni chifukwa chake, ndipo akalola, yankho lakelo mulifikitse.