Woonera pa kanema nayenso ndi mboni

Loweruka pa 4 Okutobala 2025, Arthur Peter Mutharika adalumbiritsidwa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre kukhala mtsogoleri wa dziko lino, ndipo Jane Ansah adalumbira ngati wachiwiri wake. Kuchokera ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, munthu amafika pa bwaloli wapansi. Komabe anthu ochuluka a m'malokeshoni mwambowu adauonera pa kanema. Ena adaopa kuthithikana pa zipata, ena sakadasiya benchi lawo la tomato, ndipo a ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri adayamba awerengera ya minibasi. Ife osunga Sabata tidali kutchalitchi, ndiye ambiri tidaonera zobwereza dzuwa litalowa, ena pa kanema, ena pa foni.

Pali maganizo akuti woonera patali ndi wongoonerera, wofanana ndi mwana wosuzumira pa mpanda wa ukwati womwe sadaitanidwe. Ine ndikutsutsa. Munthu amene wamva lumbiro ndi makutu ake, kaya ali pa mpando wa alendo olemekezeka kaya pa mkeka ku Makata, wasanduka mboni. Ndipo umboni ndi ntchito.

Mwayi umenewu makolo athu adalibe. Pomwe Bakili Muluzi ankalumbira mu 1994, m'dziko muno mudalibe wailesi ya kanema. Television Malawi idayamba mu 1999. Anthu ankazungulira kawailesi ka mabatire n'kumamvera MBC, nkhope ya wolumbirayo osaiona. Lero tili ndi MBC, Times, Zodiak ndi ena, ndipo mawu a mtsogoleri amatsala pa intaneti, woti munthu akhoza kuwabwereza kakhumi malinga bandulo ilipo. Mu 2020 dziko lonse lidaonera patali. Lazarus Chakwera adalumbira pa 28 Juni ku Lilongwe, koma mwambo waukulu wa pa 6 Julayi udachotsedwa pa bwalo la Bingu n'kupita ku Kamuzu Barracks chifukwa cha Covid-19, ndipo adalowako ndi anthu ochepa chabe. Palibe adanena kuti mwambowo wachepa mphamvu poti m'bwalo mudalibe namtindi.

Vuto la kanema ndi lakuti amakonda zokopa maso. Amatiwonetsa perete wa asilikali, mizinga, lupanga loperekedwa kwa mtsogoleri, atsogoleri a maiko ena akutsika m'galimoto zakuda, ndi amayi ovala nsalu za chipani akuimba nthungululu. Tikamabalalika timakhala tikukambirana za suti ya uje ndi amene wakhala pafupi ndi yani. Pamene lumbiro lenilenilo silitenga ngakhale mphindi ziwiri, komanso limanenedwa m'Chingerezi. Agogo ambiri a ku Bangwe amaona dzanja litakwezedwa, koma zimene pakamwapo patuluka palibe amawamasulira.

Nanga wolumbirayo amati chiyani? Gawo 81 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti mtsogoleri alonjeze pagulu kuti adzagwira ntchito yake mokhulupirika, adzasunga ndi kuteteza malamulowo, ndipo adzachitira chilungamo anthu a mtundu uliwonse motsata lamulo, mosaopa munthu, mosakondera, mosayang'ana chikondi kapena chidani. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo wozigwiritsa ntchito amangosungizidwa. Choncho lumbirolo silipita kwa jaji wamkulu woimirira patsogolo pake. Jaji amangotsogolera mwambo. Eni ake a lonjezolo ndi mayi wogulitsa mandasi ku Chilomoni, mnyamata wa kabaza ku Machinjiri, ndi inu amene mukuwerenga.

Taganizirani za ukwati. Pa tsiku la phwando pamakhala anthu mazana ovina ndi kufupa, koma mawa lake onse amakhala atapita. Otsala ndi ankhoswe. Iwowo ntchito yawo imayamba nyimbo zikatha. Banja likayamba kugwedezeka, ndi amene amakumbutsa mwamuna ndi mkazi zimene adalonjezana. Mzika yoonera mwambo wolumbiritsa ili pa malo a nkhoswe. Amene adali m'bwalo mwina mawu ena adawaphonya chifukwa cha phokoso la mavuvuzela. Wa pakhomo adamva liwu lililonse, ndiye alibe pothawira.

Wina anena kuti munthu wa m'lokeshoni angachite chiyani, poti akuluakulu akalowa ku nyumba ya boma makutu amatseka. Mbiri yathu yomwe ikuyankha. Pa 28 Meyi 2019 padali kulumbira pa bwalo la Kamuzu lomweli. Nkhani ya chisankhocho idapita kukhothi, ndipo kwa miyezi ingapo anthu m'misika, m'maminibasi ndi m'mabarbershop ankatsatira mlanduwo pa wailesi tsiku ndi tsiku. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi lidafafaniza zotsatirazo, chisankho n'kubwerezedwa pa 23 Juni. Pa 16 Seputembala 2025, anthu omwewo adachotsa boma lomwe adaliika zaka zisanu m'mbuyomo. Mungakondwere kapena kudandaula ndi zigamulo zimenezi, koma zikuonetsa chinthu chimodzi: omvera patali amasunga mawu, ndipo mizinga 21 sitseka nkhani.

Chosowa pakati pathu n'chakuti timakumbukira kamodzi pa zaka zisanu, ndiponso timakumbukira mosankha. Mu 2020 kudali lonjezo la ntchito 1 miliyoni. Mu 2025 kudali lonjezo la maphunziro aulere a ku sekondale. Atsogoleri onse awiri, polankhula pa mwambo wawo, adadzudzula katangale ndi kuba chuma cha boma. Mboni yoona imayeza onsewa ndi muyeso umodzi. Ngati tidakwiya ndi mizere ya mafuta ndi kukwera kwa mtengo wa chimanga pomwe ankalamula amene sitidamuvotere, tikwiyenso chimodzimodzi zikachitika pansi pa amene tidamuvinira. Akachita bwino amene sitimukonda, tivomereze. Mboni yosintha mawu poyang'ana mtundu wa nsalu kapena chigawo chomwe munthu akuchokera ndi mboni yonama.

Ena mu mpingo amati Mkhristu asayandikire ndale. Ngati akunena zonyamula mbendera ya chipani kupita nayo pa guwa, ndikugwirizana nawo. Koma kukumbutsa munthu zimene adalumbira atagwira Baibulo si kampeni. Natani adapita kwa Davide osafuna mpando wake. Kupempherera atsogoleri ndi kuwafunsa mafunso zimayendera limodzi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ophunzira anzanga, apa ndi pamene sukulu yathu iyenera kuonekera. Tikapita kutchuthi, timasulireni makolo mawu a lumbiro m'Chichewa chomveka. Tilembe mu kope zinthu zitatu kapena zinayi zimene mtsogoleri adanena, ndi tsiku lomwe adanena. Nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, titsegule kanema yemweyo n'kuona ngati ndalama zapita komwe pakamwa padaloza. Tidziwe dzina la khansala ndi phungu wa dera lathu, poti nawonso adalumbira, ndipo za ngalande, zinyalala ndi misika ya m'lokeshoni zimayambira kwa iwo. Lamulo lopatsa mzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Kalata yofunsa mwaulemu imalembedwa pa tsamba limodzi.

Akuluakulu amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, kusonyeza kuti mawu onenedwa pamaso pa anthu ndi olemera. Herode adaopa kubweza mawu ake chifukwa cha alendo amene adamumva. Atsogoleri athu adalonjeza zabwino pamaso pa anthu mamiliyoni. Adzaopa kubweza mawuwo pokhapokha atadziwa kuti ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa kuli anthu amene adamva, adalemba, ndipo adzafunsa.