Chiminea cha ku Mexico ndi mbaula yathu: moto wamakala usagone nafe m'chipinda

Mnyamata wina wa Fomu 3 anandionetsa chithunzi chimene azakhali ake anatumiza pa WhatsApp kuchokera ku Leeds. Pachithunzipo panali anthu atakhala kuseri kwa nyumba madzulo, atazungulira chinthu chadongo chooneka ngati mtsuko waukulu, chokhala ndi khomo pamimba ndi khosi lalitali loloza kumwamba. M'katimo moto uli lawilawi. "Aphunzitsi, ndi mbaula yanji imeneyi?"

Dzina lake ndi chiminea. Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu akhala akuumba zoterezi ndi dongo kuyambira kale, kuti aziothera moto ndi kuphikirapo. Dzinali linachokera ku mawu a Chisipanishi akuti chimenea, kutanthauza chumuni. Masiku ano chimagulitsidwa kwambiri ku Britain ndi ku America, ena akupanga chachitsulo, ndipo wogula amapatsidwa malangizo: thirani mchenga pansi m'katimo, yambani ndi moto wochepa, musathire madzi chikadali chotentha, musachiike pafupi ndi nyumba, musachilowetse m'nyumba. Ndinawawerenga malangizowa n'kuseka ndekha, chifukwa ndi silabasi ya Fizikisi yokhayokha, kungoti aisindikiza pakatoni. Koma nditaganiza za mbaula imene ili pakhomo pathu, imene imabwera kuchokera kumsika yopanda ngakhale kapepala, kuseka kunatha. Maganizo anga ndi akuti lamulo lomaliza lija, loti moto wotere malo ake ndi panja, likutikhudza ife kuposa azakhali a ku Leeds.

Tiyambe ndi khosi lalitali lija, chifukwa nzeru yonse ili pamenepo. Mpweya ukatentha umafutukuka, ndiye umapepuka. Mukukumbukira lamulo la Charles? Mpweya wapanja utakhala pa 20°C, ndiye kuti uli pa 293 K. Wam'khosimo utafika 300°C, uli pa 573 K. Gawani manambalawo muone: mpweya wotenthawo ukulemera pafupifupi theka chabe la wozizira uja, mukayeza mlingo wofanana. Ndiye wozizira, poti ndi wolemera, umalowa pakhomo lapamimba n'kukankhira wotenthawo m'mwamba. Moto umalandira okosijeni watsopano mosalekeza popanda wokupiza, ndipo utsi umatulukira pamwamba pa mitu ya anthu. Ndiyo convection imene timajambula pabolodi ndi timivi tozungulira. Anthu okhala pafupi amamva kutentha makamaka kudzera mu radiation, kuchokera pakhomo paja ndi padongo lofunda.

Zosamalira dongo n'zosavuta kumva ngati munaswapo tambula yagalasi poithira tiyi wowira. Dongo, monga galasi, limachedwa kupititsa kutentha. Mukasonkha chimoto chachikulu mwadzidzidzi, mbali yam'kati imatentha n'kufuna kufutukuka, pamene yakunja ikadali yozizira, siinamve n'komwe zimene zikuchitika. Mbali ziwirizo zimakokana. Chitsulo chikakokedwa chimatha kupindika pang'ono, koma dongo lowotcha silipindika, limangong'aluka basi. N'chifukwa chake chiminea chatsopano amachizoloweretsa ndi timoto ting'onoting'ono kangapo, ndipo mchenga wapansi uja ndi woteteza kuti makala asakhudze dongo mwachindunji. Kuthira madzi ozizira padongo lotentha ndi vuto lomwelo, kungolitembenuza: pamene pagwa madzi pakukhwinyata msanga, pena ponse pakadali pofutukuka.

Mvula nayo ndi mdani. Dongo lili ndi timabowo tosaoneka timene timamwa madzi, ndipo madzi akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa poyamba. Kuyatsa moto waukulu m'dongo lonyowa ndi kutsekera nthunzi imeneyo m'timabowo. Ku Britain kulinso lina: madzi akaundana amafutukuka ndi pafupifupi 9 peresenti, moti chiminea chosiyidwa panja osafunditsa m'nyengo yachisanu amachipeza chitang'aluka ngakhale sanakolezemo moto.

Izi si zachilendo kwa ife. Chitetezo mbaula ndi dongo lowotcha. Mbaula yamakala yachitsulo ija yokhala ndi dongo m'kati, dongolo ndi lomwe limasunga kutentha kuti makala asathe msanga. Ndiye taonani zimene timachita tikamaliza kuphika: timatenga kapu ya madzi n'kukhuthulira m'mbaula momwemo kuti tipulumutse makala a mawa. Kusamala makala n'kwabwino, thumba lakwera mtengo, koma pakatha miyezi ingapo dongo lang'aluka, ndipo timadzudzula woumba. Chotsani makalawo ndi chopanira, muwaike m'chitini chachitsulo, muvundikire. Mukawamana okosijeni azima okha, mawa muwapeza ouma, osavuta kuyatsa, mbaula ili bwinobwino. Chitinicho chikhale panja, pansi pa dothi, kutali ndi ana.

Za kuika chiminea mamita osachepera atatu kuchokera kunyumba, pamalo osayaka, kutali ndi nthambi, sindichedwapo. Aliyense amene anaonapo denga laudzu kapena mpanda wa tsekera ukupsa m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti moto wothetheka sufuna kuitanidwa. Petulo poyatsira moto, ayi ndithu. Chimene chimayaka si madzi ake aja koma mpweya wake umene wafalikira kale mpaka pamene mwaima inu.

Mbaula yong'aluka titha kugula ina. Chimene ndalembera nkhaniyi ndi lamulo la panja lija.

Chiminea n'cholemera, chotentha mbali zonse, chosanyamulika chikayaka, choncho chimakhala pamene chaikidwa. Mbaula yathu ili ndi zogwirira ziwiri. Mu Juni ndi Julayi, ku Dedza kapena ku Mzuzu kukazizira kofika m'mafupa, kapena chiperoni chikakuta Blantyre ndi Thyolo, nsima ikapsa wina amangoti, "Makalawa asapite pachabe, lowetsani m'nyumba." Ndipo ndi nyengo yomweyi imene a Fomu 4 mumachezera usiku ndi mabuku pokonzekera MSCE. Chitseko chotseka, zenera lotseka, kansanza kotsekera mphepo pansi pa chitseko, mbaula pafupi ndi mapazi. Ndikudziwa bwino chifukwa nanenso ndinachitapo ndili pasukulu. Ndinadzuka m'mawa mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo msomali, ndipo ndinkati ndi kuwerenga kwambiri. Patapita zaka m'pamene ndinazindikira kuti chinandipulumutsa ndi galasi lazenera limene linali losweka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makala mbali yaikulu ndi carbon. Kuti magalamu 12 a carbon apse bwinobwino n'kukhala carbon dioxide, pamafunika magalamu 32 a okosijeni. Ndiye kilogalamu imodzi ifuna pafupifupi makilogalamu 2.7 a okosijeni, amene amapezeka mu mpweya wokwana pafupifupi ma cubic metre 10. Chipinda cha mamita 3 mulitali, 3 mulifupi, 2.5 kutalika chili ndi ma cubic metre 22.5 okha. Kilogalamu imodzi ya makala ikufuna pafupifupi theka la okosijeni yense wam'chipindamo, ndipo inunso mukupuma momwemo.

Koma chimene chimapha msanga si kutha kwa okosijeni. Carbon ikamapsa okosijeni ali woperewera, imatulutsa carbon monoxide, CO, m'malo mwa carbon dioxide. Ngakhale panja, pakati pa mulu wa makala okosijeni safika mokwanira, moti CO amapangika nthawi zonse. Timalawi tabuluu timene mumaona pamwamba pa makala ndi ena mwa CO ameneyo akupsa. Wotsalayo panja amauluzika ndi mphepo. M'chipinda chotseka amaunjikana, ndipo okosijeni akamachepa, mbaula imatulutsa CO wochuluka kuposa poyamba.

CO alibe mtundu, alibe fungo, satsokomoletsa, salizitsa misozi. Akalowa m'mapapo amakakamira pa haemoglobin, imene imanyamula okosijeni m'magazi, mwamphamvu kuposa okosijeniyo koposa ka 200. Ganizirani minibasi imene mipando yake yadzaza ndi anthu okana kutsika: ikuyenda ndithu, koma amene akufunika kukafika kuntchito atsala pasiteji. Magazi akuzungulira, munthu akupuma, koma ubongo ndi mtima sizikulandira kanthu. Gawo limodzi lokha la CO pa magawo 1,000 a mpweya likwanira kukomola munthu m'maola ochepa. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo. Choipa kwambiri n'chakuti ubongo umene ukanakuuzani kuti tulukani ndi womwewo umene wayamba kusokonezeka. Amene wagona samva chilichonse.

Wasayansi wa ku Scotland, John Scott Haldane, anafufuza mpweya umenewu m'zaka za m'ma 1890, mpaka kumaupuma dala iye mwini kuti aone zimene umachita m'thupi. Ndi iye anapereka nzeru yoti anthu a m'migodi ya malasha azitenga tinyama ting'onoting'ono, monga mbewa kapena mbalame, chifukwa timagwa msanga munthu asanamve kanthu. Mbalame zotchedwa canary zinagwira ntchito imeneyi m'migodi ya ku Britain mpaka 1986. Lero kumeneko nyumba zambiri zili ndi kachipangizo kolira CO akachuluka. Kwathu kuno ndi nyumba zingati zili nako? Nthawi zambiri amene amayamba kugwa ndi mwana wamng'ono.

Ndimamva zodzitetezera zingapo, ndipo zina ndi za anthu anzeru ndithu. Ena amati dikirani makala afiire, utsi uthe, ndiye mulowetse. Apa m'pamene pali msampha weniweni. Utsi ndi umene ukanakuthamangitsani m'chipindamo. Makala ofiira, opanda utsi, akutulutsabe CO, kungoti chenjezo lachoka. Ena amaika beseni la madzi pambali kuti "limwe mpweya woipa". CO sasungunuka m'madzi kwenikweni, besenilo likungokhala. Ena amati poti ndi mpweya wamoto umakwera kudenga, ogona pamphasa ali bwino. Molecular mass ya CO ndi 28, ya mpweya wamba ndi pafupifupi 29. Kusiyana kwake n'kochepa zedi, moti amasakanikirana ndi mpweya wonse wam'chipinda, pansi ndi pamwamba pomwe.

Funso lolimba ndi limene mtsikana wina anandifunsa m'kalasi: "Nanga agogo athu akhala akuothera moto m'nyumba zaka zonsezi, bwanji sanafe?" Funso labwino, ndipo sindilipeputsa. Nyumba ya agogo inali yofolera ndi udzu, yokhala ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, chitseko chosatseka n'komwe bwino. Mpweya unkalowa ndi kutuluka ponseponse, nyumba yonse inali ngati chumuni. Moto wake unali wankhuni, wautsi, woti ukachuluka munthu amatsegula chitseko asanaganize. Utsi umenewo unali ndi mavuto ake, chifuwa ndi maso, koma unkachenjeza. Ife tamanga nyumba za njerwa zopaka simenti, mazenera agalasi, siling'i, zitseko zokhala bwino. Nyumba tasintha, nkhuni tasinthanitsa ndi makala, koma chizolowezi tasunga chakale chija.

Wina anena kuti aphunzitsi akulankhula chifukwa ali ndi juzi. Zoona, kuzizira si nkhambakamwa, ndipo si banja lililonse lili ndi mabulangete okwanira. Koma kutentha mutha kukulowetsa m'chipinda moto n'kuusiya panja. Madzi amasunga kutentha kwambiri, specific heat capacity yake ndi pafupifupi 4,200 J pa kilogalamu pa digiri iliyonse, kuposa zinthu zambiri zimene tili nazo pakhomo. Tenthetsani madzi pa mbaula yomweyo panja, asachite kuwira, muwathire m'botolo lolimba lotseka bwino, mulikulunge m'chitenje, muliike kumapazi. Njerwa yofunditsa pamoto n'kuikulunga m'nsalu yokhuthala imagwiranso ntchito, bola ikhale youma ndipo isatenthe mpaka kupsereza nsalu. Valani zovala zopyapyala zingapo m'malo mwa chimodzi chokhuthala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umasunga kutentha, ndipo musaiwale chipewa ndi masokosi. Ngati mukufuna kuotha, otherani pakhonde monga azakhali aja amachitira kuseri kwa nyumba yawo, mukatha zimitsani, kenako kalowemo.

Kunena zoti "tsegulani zenera pang'ono" ine sindikuvomereza. Pang'ono pake ndi pati? Zimadalira kuchuluka kwa makala, kukula kwa chipinda ndi kumene mphepo ikuchokera usiku umenewo, ndipo pakati pa usiku wina akamva kuzizira adzuka n'kulitseka. Kuphika m'khitchini yotsegula zitseko ndi mazenera masana, anthu ali maso, ndi nkhani ina. Kugona ndi mbaula, kapena kuwerenga nayo m'chipinda chotseka, ayi.

Inu a kusekondale nthawi zambiri ndinu amene mwaphunzira za mpweya umenewu pakhomo panu, ndipo ndikudziwa kuti kuuza akuluakulu kuti asiye chimene anazolowera n'kovuta. Musayambe ndi kutsutsa. Dziperekeni kuti ntchito yozimitsa makala usiku ikhale yanu, botolo la madzi ofunda mukonzere agogo choyamba.

Mukadzapeza anthu m'chipinda muli mbaula, onse akudandaula mutu nthawi imodzi, kapena wina sakudzuka, tsegulani chitseko ndi mazenera, muwatulutsire panja msanga, inuyo musachedwemo. Amene wakomoka koma akupuma mugonekeni chammbali, musamumwetse kanthu. Onse apite kuchipatala ngakhale ayambe kumva bwino, chifukwa CO amatenga maola kuti achoke m'magazi, ndipo mankhwala ake ndi okosijeni. Mukafika, nenani momveka kuti m'chipindamo munali mbaula yamakala. Mutu, kusanza ndi kufooka zimafanana kwambiri ndi malungo, ndipo mukapanda kutchula mbaulayo, adokotala angayambe kufufuza kwina.