Tenti yatha, felemu ikali: tisinthe tokha mvula isanafike

Chakumapeto kwa Okutobala yendani mu Mungwi Road kapena mu Buyantanshi Road nthawi ya nsima yamasana, maso muwaike pamwamba pa mitu ya anthu ogulitsa. Pa tuntemba tambiri pali nsanza chabe. Tenti yabuluu imene inagulidwa chaka chatha yayera ngati yathiridwa phulusa, ukaigwira imasiya ufa m'manja, ndipo mphepo ya Ogasiti inaing'amba kale m'makona. Pansi pake pali amayi ophikira anyamata a m'mafakitale, pali wokonza mafoni, pali wa mobile money. Onse akudziwa kuti mvula ifika mu Novembala, koma ambiri adzadikira kuti iwanyowetsere katundu kaye, ndiye athamange kukagula tenti ina yabuluu yofanana ndi yomwe yatha.

Ife tikuti chizolowezi chimenechi chikutidyera ndalama. Kusintha tenti ya pa kantemba ndi nchito imene mwini wake angaigwire yekha pamodzi ndi anzake awiri, tsiku limodzi, ndipo akaigwira bwino sabwereranso kukagula chaka chamawa.

Amene mumathera bundle pa YouTube munaonapo mavidiyo a anthu a ku America ndi ku Australia amene ali ndi motoka zogonamo, zija zokhala ngati nyumba yoyenda. Nthawi zina timaziona mu Great East Road zikupita ku South Luangwa, kapena mu Kafue Road zikulowera ku Livingstone. M'mbali mwake mumakhala nsalu yokulungidwa pa chipaipi, imene amaitambasula akaima kuti apeze mthunzi. Nsaluyo ikatha, eni ake sataya chipaipi ndi zitsulo zochirikiza. Amasolola yakale m'kanjira kake, n'kulowetsamo yatsopano, anthu awiri kapena atatu kuthandizana. Chimene amachenjezana kwambiri ndi sipuling'i ya mkati mwa chipaipi, chifukwa ikamasuka mwadzidzidzi imathyola chala. Ku Kanyama, ku George kapena ku Chawama kulibe amene amagona mu motoka yotere mwakufuna kwake. Koma tili ndi kantemba, tili ndi buthi, tili ndi Canter imene m'mawa imatula tomato ku Soweto Market, masana n'kunyamula anthu a pamaliro kupita ku Chingwere. Zonsezi ndi felemu yachitsulo yovekedwa nsalu, ndipo chitsulo chimakhala zaka zambiri kuposa nsalu.

Vuto limayambira pogula. Timalowa m'shopu n'kufunsa kuti tenti ni zingati, ngati kuti tenti yonse ndi imodzi. Yabuluu yopepuka ija ndi timizere ta pulasitiki tolukidwa ngati saka ya unga, topakidwa kachikopa kopyapyala mbali zonse. Mvula siiopa kwenikweni. Chimene chimaipha ndi dzuwa, ndipo Lusaka ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limaima pamutu penipeni masana. Kachikopa kaja kakapsa kamasanduka ufa, timizere timamasuka, basi tenti yatha. Tenti ya ma truck ndi chinthu china. Mkati mwake muli nsalu ya poliyesitala, kunja yakutidwa ndi PVC, n'chifukwa chake imayenda mpaka ku Nakonde ndi ku Chirundu n'kubwerako ikali yonse. Kusiyana kwake kuli pa kulemera. Funsani wogulitsa kuti sikweya mita imodzi imalemera magalamu angati: yabuluu yopepuka nthawi zambiri siifika 200, pamene ya ma truck imayambira cha m'ma 600. Wogulitsa akapanda kudziwa yankho, inyamuleni nokha, dzanja lidzakuuzani.

Amene timakhala ku Matero ndi ku George tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Heavy Industrial Area ili pakhomo pathu, ndipo kumene kuli ma truck ambiri kulinso osoka ndi okonza matenti ake. Tenti imene yatopa kuti ifunde katundu wa matani 30 pamsewu ikhoza kukhala ndi mbali zabwino zokwanira tuntemba tingapo. Osoka amakhalanso ndi zidutswa zotsala. Kantemba ka mamita 2 kwa 3 sikafuna mpukutu wonse. Palinso zikwangwani zakale za malonda, zija zazikulu za m'mbali mwa msewu. Nazonso ndi PVC, ngakhale kuti ndi zopyapyala kuposa ya ma truck ndipo zikayamba kung'ambika sizichedwa kupitiriza. Zimagwira nchito ngati m'mphepete mwake mwapindidwa bwino. Ngati ndi cha kampeni, nkhope ya munthuyo iyang'ane kumwamba kuti azikambirana ndi dzuwa, imwe mugulitse kwa anthu a zipani zonse mwamtendere.

Mtundu nawo ndi nkhani. Tenti yakuda kapena yobiriwira kwambiri imasandutsa kantemba kukhala uvuni mu Okutobala. Yoyera kapena yotuwa imabweza dzuwa, ndipo mukasiya kampata pamwamba kuti mpweya wotentha uzituluka, tomato safota msanga. Ophika, mbaula ikhale patali ndi nsalu. Amene tinaona zimene zinatsala pa City Market moto utadutsa pa 4 Julaye 2017 tikudziwa mmene katundu wa msika amayakira.

Manje chinthu chimene chimagwetsa matenti ambiri, ngakhale okwera mtengo, ndi kuwayala chathyathyathya ngati tebulo. Tiwerengere pamodzi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Tenti ya mamita 2 kwa 3 ndi masikweya mita 6. Mvula ya mamilimita 30, imene mu Januwale ikhoza kugwa madzulo amodzi, ndi malita 180. Zimenezo ndi zigubu 9 za malita 20 zitakhala pamwamba pa mutu wanu. Madzi akayamba kukhala pakati, nsalu imatambasuka, thumba limakula, mvula yotsatira imakhalamo yochuluka kuposa poyamba. Kenako timayamba kuibaya ndi ndodo ya tsache kuchokera pansi, madzi n'kukhuthukira pa kasitomala. Amene atsala pamwamba masiku angapo amasanduka nyumba ya udzudzu. Mankhwala ake ndi kupendeketsa. Pa mita iliyonse tenti itsike masentimita 25 kapena kuposa, ndipo pakati pakhale chitsulo, thabwa kapena chingwe cholimba choichirikiza. Ngati felemu yanu inawotcheredwa yofanana kutsogolo ndi kumbuyo, kwezani mbali imodzi musanagule n'komwe nsalu. Owotcherera ali ponseponse, kuyambira m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga mpaka mu komboni mwanu, ndipo mitengo ndi mapulanga zili pa Buseko mu Lumumba Road.

Poyeza, yezani felemu, osati tenti yakale. Yakale inatambasuka pena, pena inakhwinyata, idzakunamizani. Kokani chingwe kuchokera pa kona imodzi kufika pa kona yopingasa, muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Ngati zingwe ziwirizo sizilingana, felemu ndi yokhota, ndipo nsalu idzakhala ndi makwinya osunga madzi olo muikoke bwanji. Pa muyeso wanu onjezani masentimita 10 mbali iliyonse kuti mupeze popinda. Mukachotsa yakale, yendetsani dzanja pa felemu yonse. Paliponse pamene pakukanda chala, makamaka pamene anawotcherera, ndi pamene tenti yatsopano idzabowokere. Palani ndi fayilo, imene siidikira kuti malaiti abwere, chotsani dzimbiri, pakani red oxide, ndipo m'makona mukulunge malegeni kapena paipi yakale yothirira madzi yong'ambidwa pakati.

M'mphepete ndi mmene muli moyo wa tenti. Pindani, muikemo chingwe mkati mwa mpindirowo, ndiye musoke. Ulusi ukhale wa poliyesitala wokhuthala, wonga umene osoka nsapato amagwiritsa nchito, chifukwa wa thonje umaola ndi mvula. Musasoke mothinana. Mabowo oyandikana kwambiri amachita ngati timabowo ta m'buku la malisiti, pamene pepala limadukira mosavuta. Timphete tachitsulo topitamo chingwe, ma eyelet, tikhale pa masentimita 40 kapena 50 aliwonse, ndipo m'makona muike chigamba kuti nsalu ikhale iwiri. Ngati timpheteto mulibe, musabowole ndi msomali. Tengani kamwala kosalala, kaphimbeni ndi nsalu, mangani chingwe pakhosi pake, chimagwira kuposa bowo. Mukamalumikiza zidutswa ziwiri, chapamwamba chigone pa chapansi monga mmene timayalira malata. Guluu wa tenti amagwira pa PVC, koma pa yabuluu ija amangosenda, musataye ndalama.

Povala, sankhani tsiku lopanda mphepo, dzuwa litafewetsa nsalu. Yambani mbali yapamwamba, kenako makona opingasana, kukoka pang'onopang'ono mpaka tenti ilire ngati ng'oma mukaimenya. Mangani ndi malegeni, osati waya. Mphepo ikawomba malegeni amatambasuka n'kubwerera, pamene waya amacheka nsalu ngati mpeni. Dzuwa limawadya, inde, koma kusintha malegeni ndi nkhani ya ku malo okonzera matayala, si ya ku banki.

Tikudziwa zimene ena anene. Choyamba, ndalama. Tenti ya PVC ndi yodula, ndipo munthu amene phindu lake la tsiku limathera pa unga ndi ndiwo sangaitulutse nthawi imodzi. Zimenezo ndi zoona, ndipo sitikuuza munthu kuti akatenge kaloba chifukwa cha tenti. Koma mvula siibwera mobisa. Tsiku lake timalidziwa kuyambira mu Epulo, ndipo chilimba chimene chimagula mapoto ndi mafoni chikhoza kugulanso nsalu. Anthu atatu oyandikana tuntemba akhoza kugula tenti imodzi yakale ya truck n'kuigawana. Powerengera mtengo wa yabuluu, muphatikizepo unga umene unanyowa, ma charger amene analowa madzi, ndi makasitomala amene anakadyera kwina tsiku limene pa benchi panali chithaphwi.

Chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba: kodi munthu aikirenji ndalama pa kantemba kamene mawa kakhoza kugwetsedwa? Aliyense amene anali mu Lusaka mu Januwale 2018 akukumbuka mmene ogulitsa anachotsedwera m'misewu nthawi ya kolera, asilikali ali m'tauni. Mantha amenewo si opeka. Koma ndiwo chifukwa chenicheni chomangira tenti ndi zingwe m'malo moikhomera ndi misomali ndi tumapulanga monga timachitira. Yokhomedwa imafera pomwepo. Yomangidwa bwino imamasulidwa m'mphindi zochepa, kupindidwa, kukwera wilibala n'kukagona kunyumba, kutali ndi akuba a usiku. Felemu ikapita, tenti ikali yanu, ndipo ikavala felemu ina kumalo atsopano.

Chachitatu, ati tikulanda nchito osoka matenti. Iyayi. Msoko wautali wa PVC umafuna makina olemera kapena kuwotcherera ndi mpweya wotentha, ndipo umenewo tiupereke kwa eni ake, tiwalipire. Tenti ya Canter ndiye musaiyese n'komwe ndi singano yapamanja. Mphamvu ya mphepo siikwera mofanana ndi liwiro: motoka ikathamanga kawiri, mphepo imakoka kanayi. Tenti ikavuka mu Great North Road n'kukaphimba galasi la basi imene ili kumbuyo, nkhani siikhalanso ya tenti. Chimene tikukana ndi kupita kwa mmisiri manja ali m'thumba, osadziwa muyeso, osadziwa nsalu, osadziwa ulusi, n'kulandira chilichonse chimene wapatsidwa. Wosoka wabwino amakondwa ndi kasitomala amene wabwera ndi pepala la miyeso, chifukwa sipakhala mkangano pambuyo pake.

Kwa anzathu amene akhala pakhomo kudikira kuitanidwa ku fakitale, apa pali kanchito kamene sikafuna satifiketi. Ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira achinyamata maphunziro a luso. Amene apeza mwayi wophunzira kusoka kapena kuwotcherera asaganize za mayunifomu ndi mageti chabe. Tepi yoyezera, fayilo, singano yaikulu ndi kachida kokhomera timphete zimakwana m'chikwama chimodzi, ndipo mu komboni iliyonse muli matenti a maliro, a kitchen party ndi a matchalitchi amene akung'ambika pamalo omwewo: m'makona ndi m'mphepete.

Yakale ija musaiponye m'ngalande. Ku Kanyama mwala uli pafupi ndi nthaka, madzi amavutika kale kupeza kolowera, ndipo tenti imodzi ikhoza kutseka kalavati yonse. Musaiwotchenso, makamaka ya PVC, chifukwa utsi wake uli ndi asidi wowawa m'maso ndi m'chifuwa komanso poizoni amene amatsala m'phulusa. Iyaleni pansi, muone mbali zimene dzuwa silinadye. Zazikulu zifunde masaka a malasha kapena simenti, zing'onozing'ono muzidule m'zigamba za masentimita 20, muzisunge m'kantemba pamodzi ndi singano ndi ulusi wotsala.