Wokwera phiri azikumbukira kutsika



Mnyamata wina wa Fomu 4 anandiuza kuti akangolemba mayeso a MSCE akufuna kupita kutali kosadziwika ndi munthu, ngati mnyamata wa mu kanema wa Into the Wild. Pa tchuthi ndinamufunafuna kanemayo n'kumuonera.

Kanemayu anatuluka mu 2007 ndipo nkhani yake inachitikadi. Christopher McCandless atamaliza maphunziro ku Emory University ku America mu 1990, anapereka ndalama zake zokwana madola 24,000 ku bungwe la Oxfam n'kusowa osatsanzika makolo. Mu 1992 analowa yekha m'thengo la Alaska, nakhala m'basi yakale yotayidwa. Atafuna kubwerera kwa anthu anapeza mtsinje wa Teklanika utadzaza, ndipo anafera m'basimo ndi njala ali ndi zaka 24.

Sindikumuseka. Anatopa ndi mikangano ya m'nyumba mwawo komanso moyo wothamangira chuma. Mtima wotere Chisilamu chimaudziwa. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankapita yekha kuphanga la Hira kukalingalira, ndipo chivumbulutso choyamba chinamufikira komweko. Koma taonani zimene zinatsatira: anatsika phiri, napita kwa mkazi wake Khadija, ndipo moyo wake wonse anathera pakati pa anthu, ena omukonda, ena omugenda. Itikafu ya masiku khumi omaliza a Ramadhan nayo imachitikira mumzikiti, ndipo ikatha timatuluka kukadya Eid ndi abale. Maswahaba atatu atafuna kusiya za dziko, wina kusala tsiku ndi tsiku, wina kuswali usiku wonse, wina kusakwatira, Mtumiki anawaletsa.

Ine cholakwa chachikulu cha mnyamatayu sindikuchiona pa kukonda thengo. Ndikuchiona pa zaka ziwiri zimene makolo ndi mlongo wake anakhala osadziwa kumene ali. Kudula chibale ndi tchimo lalikulu, ngakhale makolowo atalakwa.

Kuno ku Domasi palibe amene akupita ku Alaska. Thengo lathu ndi Joni. Tonse tikuwadziwa anyamata a m'midzi yathu amene anakwera basi kukafuna ntchito, chaka choyamba n'kumaimba foni, kenako zii. Ena amachita manyazi kuti ndalama sizikupezeka, ena anachoka ndi mkwiyo. Mayi amangokhala pakhonde kufunsa aliyense wochokera kumeneko. Munthu atha kusowa pakati pa khamu la Johannesburg mofanana ndi mmene McCandless anasowera m'thengo.

Wina anganene kuti pakhomo pena pamakhaladi posakhalika. Zoona, ndipo sindikuti mwana apirire nkhanza mwakachetechete. Alankhule ndi atsibweni, ashehe kapena ife aphunzitsi. Makolo, nanunso tamverani ana asanafike poganiza zothawa.

Mnyamata wanga uja ndinamuyankha kuti: mtima ukalema, kwera phiri la Malosa kapena la Zomba ndi mnzako, mutauza akunyumba, ukaone chilengedwe cha Allah, Maghrib ikupeze uli pakhomo. Ukadzapita kutali kukafuna rizki, pita ndi dua ya makolo, ndipo uziimba foni ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Wassalam.