Mimba ya galu sifuna phuma

Galu wanga anakulira mkute wa nsima ndi mitu ya usipa. Tsiku lina ndinagula thumba la chakudya cha agalu kusitolo, n'kumudzazira mbale. Kutacha, khonde lonse linali losapondeka, atatsegula m'mimba usiku wonse. Chakudyacho chinalibe mlandu, wolakwa ndinali ine.

Mimba ya galu imafuna masiku 7 mpaka 10 kuti izolowere chakudya chatsopano. Yambani ndi kapu imodzi ya chatsopano pa makapu atatu a chakale, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Pogula, werengani pathumbapo: nyama kapena nsomba itchulidwe poyamba, osati chimanga. Kagalu kongosiya kuyamwa kali ndi thumba lakelake. Koma ndiwo zotsala zothira anyezi zija musamupatse galu wanu ayi, anyezi amawononga magazi a galu.